Anthu a kaundula a ku Manhiça ndi katemera wa malungo

Mu Ogasiti chaka cha 2024, Unduna wa Zaumoyo unayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana a m'chigawo cha Zambézia. Amayi amene anapita kusikelo ndi makanda awo anauzidwa kuti mwana aliyense ayenera kubayidwa kanayi, pa masiku osiyana olembedwa pa khadi lake. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, ntchito yotereyi inayamba kale mu Epulo 2019 m'maboma 11, ena mwa iwo oyandikana ndi Moçambique monga Mangochi, Machinga, Phalombe ndi Nsanje. Koma mafunso amene anthu amafunsana pachitsime ndi pamsika ndi amodzimodzi mbali zonse ziwiri. Akudziwa bwanji kuti katemerayu amathandiza? Anamuyesa pa ana a yani? Nanga bwanji mwana wa uje anabayidwa koma anadwalabe malungo?

Mafunso amenewa ndi oyenera, ndipo ali ndi mayankho. Ambiri mwa mayankhowo anapezeka m'dziko lomwe lino, ku Manhiça, boma lomwe lili pa mtunda wa makilomita 80 kumpoto kwa Maputo, m'mbali mwa mtsinje wa Incomati. Ndi dera la minda ya nzimbe ndi madambo, kumene anthu amalankhula Chichangana ndi Chironga, ndipo udzudzu wake umaluma chimodzimodzi ndi wa ku Milange, Mandimba kapena Mutarara. M'chaka cha 1996, patangopita zaka zinayi nkhondo itatha, boma la Moçambique mogwirizana ndi boma la Espanha linatsegula kumeneko malo ochitirapo kafukufuku wa zaumoyo otchedwa Centro de Investigação em Saúde de Manhiça, mwachidule CISM, pafupi ndi chipatala cha bomalo. Mmodzi wa oyambitsa ake anali dotolo wa ku Espanha, Pedro Alonso.

Ntchito yawo yoyamba sinali yobaya anthu jakisoni ayi. Anayamba ndi kuwerenga anthu. Anyamata ndi atsikana a m'deralo, odziwa chinenero ndi tinjira take, anaphunzitsidwa nayamba kuyenda khomo ndi khomo. Nyumba iliyonse inapatsidwa nambala, munthu aliyense nambala yake, mpaka anthu oposa 30,000 analowa m'kaundula. Chaka ndi chaka amabwerera kukafunsa kuti ndani wabadwa, ndani wamwalira, ndani ali ndi pakati, ndani wapita ku Joni, ndani wabwerako. Mu 2014 kaundulayu anafutukuka nakwanira boma lonse la Manhiça.

Kuchipatala nako kunali ena ogwira ntchito usana ndi usiku. Mwana akafika akudwala, amalemba nambala yake ija, kumuyeza kutentha kwa thupi, ndipo ngati thupi latentha amatenga kadontho ka magazi pachala kuti aone ngati muli tizirombo ta malungo. Zonsezi zimalowa m'kompyuta. Potero akatswiri a masamu amatha kunena kuti pa ana akutiakuti a m'mudzi wakuti, odwala malungo chaka chino ndi angati, ogonekedwa ndi angati, omwalira ndi angati. Gulu la kafukufuku ndi anthu onsewa pamodzi: madotolo, anamwino, oyeza magazi, oyenda m'midzi, olemba, owerengera, ndi ena amene ntchito yawo ndi kukhala pansi ndi mafumu ndi makolo kulongosola zimene zikuchitika.

Wina angafunse kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani, poti mankhwala abwino amaoneka okha pochiza. Vuto n'lakuti maso amanamiza. Mwana akamwa mankhwala nachira, mayi ake amatamanda mankhwalawo, chonsecho ana ena amachira osamwa kanthu. Mwana wina akabayidwa lero nadwala mawa, anthu amaloza jakisoni, chonsecho matendawo mwina anali kale m'thupi. Chaka cha mvula yambiri malungo amachuluka, chaka cha chilala amachepa, popanda wina kuchitapo kanthu. Nkhani ya mwana mmodzi siitha kudula mlandu wotere. Pamafunika magulu awiri a ana ofanana pa zonse, lina lolandira chinthu chikuyesedwacho, lina losalandira, kenaka n'kuwerenga zimene zawachitikira.

Izi ndi zimene zinachitika mu 2003. Katemera wotchedwa RTS,S anali atapangidwa kale ndi kampani yomwe lero imatchedwa GSK, ndipo anali atayesedwa pa akuluakulu. Chotsala chinali kuona ngati angateteze ana a mu Africa, amene ndiwo malungo amawapha kwambiri. Makolo a ana 2,022 a chaka chimodzi mpaka zaka zinayi, a ku Manhiça, Maragra ndi Ilha Josina, anavomera kuti ana awo alowe m'kafukufukuyu. Anawo anagawidwa pawiri mwa maere. Gulu lina linalandira katemera wa malungo katatu, mwezi ndi mwezi. Gulu linalo silinabayidwe madzi chabe, linalandira akatemera ena odziwika kale, oteteza ku chibayo ndi matenda oumitsa khosi kapena ku matenda a chiwindi.

Palibe kholo limene linkadziwa gulu la mwana wake. Ngakhale dotolo woyeza mwanayo akadwala sankadziwa. Anachita dala chomwechi kuti mtima wa munthu usalowerere m'chiwerengero, pakuti amene akufunitsitsa kuti chinthu chipambane amaona chimene akufuna kuona. Chinsinsicho chinaululika pamapeto, zonse zitalembedwa kale. Pakati pa madotolo amene anagwira ntchitoyi panali ana a dziko lino monga Jahit Sacarlal, Pedro Aide ndi Eusébio Macete, yemwe pambuyo pake anadzakhala mkulu wa CISM.

Zotsatira zinatuluka mu Okutobala 2004 m'magazini ya madotolo yotchedwa The Lancet. Pa miyezi isanu ndi umodzi imene anawo anatsatiridwa, pamene gulu losalandira linkadwala ana 10, gulu lolandira linkadwala ana 7. Pa malungo aakulu, aja okomola mwana, omutha magazi kapena omubanikitsa, kusiyana kunali kokulirapo: ana 26 m'gulu losalandira, ana 11 m'gulu lolandira. Aka kanali koyamba kuti zioneke poyera kuti katemera angathe kutchinjiriza ana a mu Africa ku malungo. Koma ofufuzawo sanabise mbali inayo. Ana 7 aja anadwalabe, ndipo ana 11 aja anafikabe pa malungo aakulu. Yankho la funso lija la mwana wa uje lili pamenepa: katemerayu amachepetsa malungo, sawathetsa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Boma limodzi silikanayankhira Africa yense, choncho kuyambira 2009 mpaka 2014 kafukufuku wamkulu anachitika pa malo 11 m'maiko asanu ndi awiri, ndi ana 15,459. Manhiça inali m'gulumo, Lilongwe nayenso. Pa ana amene anayamba ali ndi miyezi 5 mpaka 17 nalandira kanayi, malungo anachepa ndi pafupifupi magawo anayi pa khumi m'zaka zinayi, ndipo malungo aakulu ndi pafupifupi magawo atatu pa khumi. Panapezekanso china chofunika kwa kholo lililonse. Mphamvu ya katemerayu imatsika miyezi ikamapita. Ana amene analekera pa jakisoni wachitatu, powerengera zaka zonsezo, sanasiyane kwenikweni ndi osabayidwa pa nkhani ya malungo aakulu. N'chifukwa chake anamwino amaumirira za ulendo wachinayi.

Kafukufuku yemweyo anaonetsanso zina zodetsa nkhawa. M'gulu lolandira munaoneka ana ochulukirapo odwala matenda oumitsa khosi ndi malungo a m'bongo, ndiponso imfa za ana aakazi zinaoneka ngati zakwera. Ziwerengerozo zinali zochepa, ndipo zikanatha kukhala mwangozi chabe, koma sanazikwirire. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, OMS, lomwe ku Malawi amalitcha WHO, linakana kuthamanga. Linati katemerayu ayambe waperekedwa m'madera osankhidwa a Malawi, Ghana ndi Kenya, magulu ena a ofufuza akuyang'anira m'zipatala ndi m'midzi. Kuyambira 2019 mpaka 2023 ana oposa 2 miliyoni analandira. Zoopsa zija sizinaonekenso. M'madera olandira, imfa za ana a msinkhu wa katemera zinatsika ndi 13 pa 100 alionse, ndipo ogonekedwa ndi malungo aakulu anachepa ndi 22 pa 100 alionse. OMS inavomereza katemerayu mu Okutobala 2021, patapita zaka 17 chitulukireni zotsatira za ku Manhiça.

Katemera amene anayambika ku Zambézia mu 2024 si RTS,S. Ndi mng'ono wake wotchedwa R21, wokonzedwa ku yunivesite ya Oxford ndi kupangidwa ku India, yemwe anayesedwa pa ana a ku Burkina Faso, Mali, Kenya ndi Tanzania, ndipo OMS inamuvomereza mu Okutobala 2023. Onse awiri amaphunzitsa thupi kuzindikira kachirombo ka malungo pamene udzudzu wangokalavulira m'magazi, kasanakhazikike m'chiwindi. Njira imene R21 anadutsa inalambulidwa ndi mkulu wakeyo, ndipo pakati pa olambula panali amayi a ku Manhiça amene anabereka ana kumsana kupita nawo kukabayidwa chinthu chimene panthawiyo palibe ankadziwa mapeto ake.

Chimene chimaopsa anthu ambiri pa ntchito ya kafukufuku ndi magazi. Anthu a m'malire muno sanaiwale chaka cha 2017, pamene mphekesera ya anamapopa inayenda m'midzi ya mbali zonse ziwiri, ndipo ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a ku Malawi anthu osalakwa anaphedwa, ntchito zina zothandiza anthu n'kuima. Choonadi n'chakuti ofufuza amatenga magazi chifukwa kachirombo ka malungo kamakhala m'magazimo, ndipo kutentha thupi kokha sikunena kuti ndi malungo. Amatenga kadontho pachala, kapena pang'ono pamkono m'kabotolo, nthawi zambiri osadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi, masana anthu akuona, kholo lili pomwepo.

Komabe palibe amene akuti munthu azingovomera chilichonse chifukwa obwerawo avala zoyera ndipo afika pa galimoto. Safunsa anadya phula. Kafukufuku woona amakhala ndi chilolezo cha komiti ya dziko yoona za ufulu wa olowa m'kafukufuku, Comité Nacional de Bioética para a Saúde, ndipo amadzera ku ofesi ya zaumoyo ya boma, kwa mfumu ndi kwa anyakwawa. Kholo lili ndi ufulu womva zonse m'chinenero chake: akufufuza chiyani, adzatenga chiyani ndipo kangati, choopsa chake n'chiyani, mwana akadwala adzathandizidwa kuti ndipo wolipira ndani. Palibe wolowa asanasaine chikalata, ndipo wosadziwa kulemba amadinda chala pamaso pa mboni imene si ya gululo. Wokana sataya mwayi wake wa chithandizo kuchipatala. Wovomera angathe kutuluka tsiku lililonse osapereka chifukwa. Amene akukana kuyankha mafunso amenewa ndiye woyenera kukanenedwa kwa mfumu ndi kwa akulu a chipatala, osati kugendedwa.

Katemera woperekedwa kusikelo lero si kafukufuku ayi. Kuyesa kunachitika kale, ndipo zimene kunapeza ndi zomveka. Mwana abayidwe maulendo onse anayi, ngakhale wachinayiwo ubwere mwanayo akuyenda kale ndipo ulendo wa kusikelo utayamba kulemera. Mabanja amene amapita kuchipatala mbali iliyonse ya malire azinyamula khadi la mwana, chifukwa masiku a ku Malawi ndi a kuno sangafanane, ndipo namwino sangadziwe zimene mwana analandira popanda kuona cholembedwa. Masikito asachotsedwe pogona mwana kukatchingira nkhuku kapena kukaphera usipa, pakuti ana a m'kafukufuku wamkulu uja ambiri ankagona m'masikito, ndipo katemera anangowonjezera pa chitetezo chimenecho. Thupi la mwana likatentha, wobayidwa kapena wosabayidwa, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe.

Namwino akamalemba m'kaundula wa pasikelo dzina la mwana, mudzi wake ndi tsiku lobayidwa, akugwira ntchito yomweyo imene inayambira khomo ndi khomo ku Manhiça mu 1996. Ndi ziwerengero zimenezo zimene akulu a zaumoyo adzayang'ane pofuna kudziwa ngati ana a ku Milange akufa ochepa kusiyana ndi kale, ndiponso kumene katemera ndi mankhwala ziyenera kutumizidwa. Mudzi umene ana ake salembedwa suoneka m'chiwerengero, ndipo pogawa zinthu umaiwalika.