Makina Amaŵerengera, Munthu Amazindikira

M'mwezi wa Meyi 1997, mumzinda wa New York, kompyuta ya kampani ya IBM yotchedwa Deep Blue idagonjetsa Garry Kasparov, yemwe panthaŵiyo adali katswiri wa tchesi pa dziko lonse, ndi mapointi 3½ kwa 2½. Ambiri adati makina aposa munthu nzeru. Ife aphunzitsi tiyenera kufunsa funso lina: kodi aŵiriŵa ankasankha motani chidole choti asunthe?

Deep Blue inkayesa mayalidwe a zidole pafupifupi 200 miliyoni pa sekondi imodzi. Inkalondola njira zambirimbiri motere: ndikasuntha ichi, mnzanga ayankha chakuti, ine ndibwezera chakuti. Kumapeto a njira iliyonse inkapereka malikisi, ndipo inkasankha njira imene ikadaipindulira ngakhale mdani atayankha mochenjera.

Munthu satero ai. Adriaan de Groot wa ku Netherlands, m'buku lake la 1946, adafotokoza m'mene adapemphera oseŵera kuti azilankhula maganizo awo posankha. Adapeza kuti akatswiri otchuka sayang'ana patali kwambiri kuposa oseŵera ena aluso. Chimene amaposera n'chakuti maso awo amagwera msanga pa njira zoŵerengeka zoyenera. Mu 1973 William Chase ndi Herbert Simon adaonjezapo umboni. Katswiri akaona bolodi la maseŵero enieni kwa masekondi asanu, amakumbukira malo a zidole zambiri; koma zidolezo zikangomwazidwa chisawawa, luso lakelo limachepa ndithu. Choncho chimene iye amasunga m'mutu ndi tanthauzo la kayalidweko.

Mu 2017 padabwera AlphaZero, imene idaphunzira tchesi poseŵera yokhayokha. Iyo inkayesa mayalidwe ochepa zedi poyerekeza ndi Stockfish, komabe idaigonjetsa. Apa tiona kuti ngakhale pakati pa makina, kudziŵa koyang'ana kungathe kuposa liŵiro.

Nanga izi zitikhudza bwanji m'kalasi? Lero mwana amene ali ndi foni angathe kufunsa makina, ndipo amuuza chidole choti asunthe pamodzi ndi nambala yosonyeza amene ali patsogolo. Chifukwa chake sachiuzidwa m'mau amene iye angamve. Zoterezi zimachitikanso pa masamu. Mwana wotolera mayankho amaoneka wanzeru lero, koma maŵa funso likasintha pang'ono amasoŵa pogwira.

Maganizo anga ndi akuti tisayese kusandutsa ana athu makina. Pa mpikisano wa liŵiro adzagonja nthaŵi zonse. Ntchito yathu ndiyo kuwazoloŵeza kuzindikira, ndipo njira zake zilipo. Poyamba, apatseni zitsanzo zambiri zofanana mpaka aone okha chimene chikubwerezedwa. Kachiŵiri, tengerani de Groot: muuzeni mwana alankhule zimene akuganiza asanasunthe chidole kapena kulemba yankho, pakuti m'kulankhulamo ndi m'mene mudzaona pamene wasokera. Kachitatu, makina afunsidwe pomaliza, mwana atasankha kale ndi kupereka zifukwa zake. Akasiyana ndi makinawo, phunziro lenileni layambika, chifukwa tsopano ayenera kufufuza chimene sadachione.

Njira imeneyi imadya nthaŵi, ndipo mphunzitsi wa kalasi lodzaza adzafuna kuidumpha kuti amalize silabasi. Koma akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, musakhutire mwana akakhoza. Mufunseninso kuti, "Wasankhiranji chimenechi?"