KAZEMBE AMENE ANATSEGULIRA ANZACE KHOMO

Pakati pa anthu akuda amene anakwera pa nchito za Boma, dzina la Bambo Edward R. Dudley wa ku Amereka liyenera kukumbukika. Iye anabadwa m'caka ca 1911 m'cigawo ca Virginia, kumene masiku amenewo lamulo linali kulekanitsa akuda ndi Azungu m'sukulu ndi m'sitima momwe. Ataphunzira za malamulo ku New York, anagwira nchito ya uloya pamodzi ndi Bambo Thurgood Marshall m'bungwe la N.A.A.C.P., lomenyera ufulu wa anthu akuda.

M'caka ca 1948 President Truman anamtuma ku Liberia kukaimira dziko lace. Mu 1949 ofesi ya ku Monrovia inakwezedwa, ndipo Bambo Dudley anakhala munthu wakuda woyamba wa ku Amereka kulandira udindo wa ukazembe.

Kumeneko anapeza mwambo woipa umene sunalembedwe m'buku liri lonse. Akuda owerengeka a m'nchitoyi anali kungowasinthasintha pakati pa Liberia, Madagascar ndi zisumbu za Azores ndi Canary, pamene Azungu anzao anali kupita ku mizinda yaikuru ya ku Ulaya. Bambo Clifton Wharton, amene analowa nchito mu 1925, anatha zaka zoposa 20 alikuzungulira m'malo omwewo.

Kazembeyo akadatha kukhala cete, pakuti mpando wace unali wabwino kale. Koma analembera akuru ace ku Washington, nalinganiza mbiri ya nchito ya akudawo ndi ya Azungu amene analowa nao pamodzi. Umboni wotere unali wobvuta kuukana. Posakhalitsa khomo linatseguka: wina anatumidwa ku Paris, Bambo Wharton anapita ku Lisbon, ndipo mu 1961 anakhala kazembe ku Norway.

Bambo Dudley anacoka ku Liberia mu 1953, nakhala woweruza mirandu ku New York. Anamwalira mu 2005.

Tsono phunziro liripo kwa wanchito ali yense. Kukwezedwa kwa munthu mmodzi sikuthetsa tsankho. Kawirikawiri olemba nchito amaloza mmodziyo kuti ena asadandaule. Iye amene wakhala kapitao kapena kalaliki wamkuru asayese kuti nkhondo yatha. Asunge maina, zaka ndi malipiro a anzace otsalira, ndipo akawanenere kwa akuru mwaulemu koma mosaopa. Kudandaula m'basi sikukweza munthu. Coonadi colembedwa bwino ndico cimagwedeza ofesi.