Neti ya udzudzu ikalowa m'nyanja

Mu 2015 mayiko a bungwe la United Nations, kuphatikizapo Malawi, adagwirizana zolinga 17 za chitukuko zoti zikwaniritsidwe pofika 2030. Papepala zimaoneka ngati ana a mimba imodzi: kuthetsa njala, umoyo wabwino, madzi aukhondo, magetsi, kusamala nyanja ndi nkhalango. Koma mukaima pagombe ku Nkhotakota mbandakucha, mabwato akubwerera kousipa, mumaona kuti ana amenewa amalandana mtanda wa nsima.

Zoyenda bwino zilipo, ndipo wozikana ngwamwano. Kafukufuku wa 1992 adapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa m'Malawi, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Wa 2015-16 adapeza 63. Agogo a ku Dwangwa safunika kuwawerengera manambala, amakumbukira okha mmene dzinja linkadzera ndi maliro a makanda. Katemera, sikelo ya ana ndi neti za udzudzu zaulere zidagwira ntchito yake. Kumtunda, nkhalango ya Nkhotakota idatsala pang'ono kutheratu nyama, njovu zosakwana 100, mpaka African Parks idayamba kuiyang'anira mu 2015 n'kubweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Boma la Nkhotakota lilinso ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 21.

Tsono tsikirani kumadzi. Neti ija, imene anamwino adapereka kuti mwana agonemo, ena amaisokerera kukhoka. Maso ake ngang'onoang'ono, sasiya kanthu: timwana ta chambo, tiusipa tosakhwima, zonse zimakokedwa kumchenga. Wa zaumoyo amati malungo abwerera, wa zausodzi amati nyanja ikutha, ndipo onse akunena zoona. Nanga mayi amene wachita zimenezi tim'tche chiyani? Kondowole waphika, ndiwo palibe. Udzudzu uluma usiku, njala ikuluma tsopano lino. Ine sindimuyamikira, koma sindithanso kum'dzudzula ndi mtima wonse, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 n'kukweza mtengo wa ukonde, mafuta a injini ndi sopo yemwe. Mwezi womwewo wa Novembala ndi umene nyanja imatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndipo makomiti a m'magombe amayembekezeka kugwira abale awo enieni. Chambo lero chasanduka ndiwo ya alendo a m'mahotela. Mwana wa msodzi amadya usipa.

Madzi nawo ali ndi chipongwe chake. Anthu okhala m'mbali mwa nyanja yaikulu chotere adavutika ndi kolera ya 2022 mpaka 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, chifukwa madzi ambiri si madzi abwino, ndipo chimbudzi chokumba mumchenga sichichedwa kugumuka. Likodzo silinachoke. Kumayambiriro kwa 2024 madzi osefukira adasesa midzi ya ku Dwangwa, anthu zikwizikwi n'kuthawira m'misasa. Za magetsi, kalembera wa 2018 adapeza kuti ndi nyumba 11 zokha mwa 100 m'Malawi zimene zinkaunikira magetsi a ESCOM. Mawaya amadutsa pamwamba pa madenga a udzu, pansi pake akuyatsa tochi.

Ndikaika zonsezi pamuyeso, ndimaona kuti tapambana pamene ntchito inali ndi mwini wake ndi ndalama zake: jakisoni, mpanda wa nkhalango, galimoto yonyamula njovu. Tikutsalira pamene pakufunika kuti munthu akhale ndi njira ina yopezera ndiwo. Njovu ya kumtsinje wa Bua m'nkhalangomo ili ndi mlonda wolipidwa mwezi ndi mwezi. Mpasa wokwera mtsinje womwewo kukaswana amayenera kudutsa kaye pamathiriro, kunja kwa mpanda, pomwe maukonde amamudikirira.