Nyumba ya Patsinde pa Phiri: Zoyenera Kudziwa Asanagule Ploti

Ku Tembisa, Daveyton, Germiston ndi Springs, m'chigawo cha Ekurhuleni kum'mawa kwa Johannesburg, kuli Amalawi ambiri ogwira ntchito m'mafakitale, m'magalaja ndi m'nyumba za anthu. Ulendo wa ku Joni sudayambe lero. Agogo awo ankapita kumigodi pa Theba mpaka 1974, pamene ndege yonyamula anthu obwerera kwawo idagwa ku Francistown ndipo boma lidaimitsa ulendowu. Udatsekulidwanso mu 1977 n'kutheratu mu 1988. Kale wobwera ku Joni ankadziwika ndi njinga ndi wailesi, koma lero amadziwika ndi nyumba ya malata. Ndipo ena mwa iwo, m'malo mothamangira ku Lilongwe kapena ku Blantyre, akuponya maso kumatauni a m'mapiri monga Dedza, Ntcheu, Zomba ndi Mulanje.

Zokopa zake n'zoonekeratu. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamsewu wa M1, ulendo wa makilomita osapitirira 90 kuchokera ku Lilongwe. Munthu wozolowera chisanu cha mu Juni ku Kempton Park sangadabwe ndi kuzizira kwake. Mbatata ya kachewere, nyemba ndi kabichi zimachita bwino, ndipo msika wa Lizulu suli kutali. Zojambula zakale za pamiyala ya ku Chongoni zidalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, motero alendo sasowa. Zomba idali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo yunivesite imene ili kumeneko imachititsa kuti nyumba ya lendi isakhalitse yopanda munthu. Ku Mulanje kuli minda ya tiyi, nanazi, mitsinje yosaphwa ndi nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002. Phirili nalonso lidalembedwa ndi UNESCO mu 2025.

Komabe akuluakulu adati walira mvula walira matope. Phiri lopatsa madzi ndi lomwenso limagumuka. Anthu a ku Zomba amakumbukira napolo wa mu Disembala 1946. Mu Malichi 1991 madzi osakanikirana ndi miyala adatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi ku Soche mu Blantyre, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, pamene oposa theka la miliyoni adasiya nyumba zawo. Anthu a ku Katlehong ndi Vosloorus amadziwa kale kuti nthaka ikhoza kumeza nyumba, pakuti kumeneko pansi pali mwala wa dolomite umene umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi n'kusiya maenje. Chenjezo lomwelo liyenera kupita nalo kumudzi.

Zizindikiro za malo oopsa sizifuna sukulu yambiri. Chigwa chodzaza miyala ikuluikulu yobulungira ndi njira yakale ya napolo, ngakhale lero chioneke chouma. Mitengo yopendekera kumunsi, ming'alu ya m'nthaka ndi kasupe wotumphuka pakati pa ploti zimasonyeza kuti dothi likuyenda. Phiri limene mitengo yake idathera ku makala siligwira madzi. Ploti yoonedwa pachithunzi cha pa WhatsApp mu Ogasiti iyenera kuonedwanso ndi maso mu Febuluwale, ndipo nkhalamba za m'deralo zifunsidwe kumene madzi adadutsa zaka zapitazo.

Nkhani yachiwiri ndi ya umwini. M'tauni maploti ambiri amakhala a lizi, ochokera ku Unduna wa za Malo, kukhonsolo kapena ku Malawi Housing Corporation. Asanatumize ndalama, wogula afufuze kuofesi ya kaundula wa malo ngati dzina la wogulitsa ndi limene lili pachikalata, komanso ngati malowo sadaperekedwe chikole kubanki. Pulani ya nyumba iyenera kuvomerezedwa ndi khonsolo maziko asanakumbidwe. Kunja kwa tauni, lamulo la malo a makolo la 2016 lidakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi a gulupu, ndipo kakalata ka nyakwawa kokha sikafanana ndi chikalata cholembetsedwa. Malo a m'nkhalango yotetezedwa, monga ya Mulanje imene idakhazikitsidwa mu 1927, palibe mfumu kapena dobadoba amene angawagulitse.

Mwambo nawonso uli ndi mawu. Madera ambiri a Dedza, Zomba ndi Mulanje ndi a chikamwini, kumene munda umatsata mbumba ya kuchikazi. Mwamuna wogulitsa munda wa mkazi wake popanda mwinimbumba amagulitsa mlandu, ndipo womanga nyumba kuchikamwini achite bwino kugwirizana ndi banja lonse, molemba, za mwini wa nyumbayo ndi amene adzaitenge iye akadzamwalira.

Pa za ndalama, kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wolandira randi amaona ngati wapeza mwayi, koma simenti, malata ndi zitsulo zimakwera limodzi. Kumanga pamalo otsetsereka kumadyanso zambiri, chifukwa cha khoma lotchinga dothi ndi ngalande. N'kwanzeru kutumiza ndalama pang'onopang'ono, gawo limodzi la ntchito likatha ndi kuonedwa ndi munthu wina wosakhala womanga yemweyo.

Alimi a m'mphepete mwa matauniwa nawo asatengeke ndi mtengo wa tsiku limodzi. Ndalama za ploti zimatha m'miyezi yochepa, pamene dimba limadyetsa banja chaka ndi chaka. Alangizi ndi makomiti a chitukuko a m'midzi angathandize mbali zonse ziwiri polemba malo amene adagumukapo, kuwaika pamapu a mudzi, ndi kuonetsetsa kuti amayi ndi ana akuluakulu alipo pamene malire akupondedwa. Safunsa adadya phula: wa ku Tembisa wofuna nyumba ku Dedza ayambe ndi mafunso amenewa, ndalama zitsatire pambuyo.