Zaka si nambala cabe, funsani mawondo

Kavidiyo kaja munakaonako pa Facebook kapena pa TikTok. Gogo wa imvi mutu wonse waima pakhomo la ndeke, mphepo ikumenya masaya, kenako wadziponya m'mlengalenga. Pansi pake pamalembedwa mau amodzimodzi nthawi zonse, akuti zaka ndi nambala cabe. Timaikapo kamtima n'kutumizira anzathu. Ine ndikuti mau amenewo ndi bodza lokoma, ndipo m'maseŵera a skydiving, kulumpha m'ndeke ndi parachuti, bodza lotere limathyola anthu misana.

Tiyambe ndi anthu amene amachuka m'mavidiyowa. Pa 1 October 2023, Dorothy Hoffner wa ku Chicago analumpha m'ndeke ali ndi zaka 104. Mwezi wotsatira, Al Blaschke wa ku Texas anacita cimodzimodzi ali ndi zaka 106. George H. W. Bush, amene anakhalapo pulezidenti wa America, anakondwerera kukwanitsa zaka 90 mu June 2014 mwa kulumpha m'helikopita. Ndi anthu olimba mtima ndipo sindifuna kuwacepetsa. Koma yang'anitsitsani mavidiyo ao. Kumsana kwa gogo aliyense kuli munthu wina wanyonga zake, womangiriridwa naye ndi malamba. Kulumpha kotere amakucha tandem. Katswiri wa kumsanayo ndiye amaŵerenga kawochi koonetsa mamita amene atsala, ndiye amatsegula parachuti, ndiye amaiwongolera mpaka pansi. Gogo amakhala pasinja. Zili ngati kulumpha pa mlatho wa Victoria Falls ku Livingstone, mamita 111 aja: wolumpha amabweretsa mtima, nchito yonse ili m'manja mwa omanga cingwe.

Bush mwiniwake ankadziŵa kusiyana kwake. Mu 1997, ali ndi zaka 72, analumpha ndi parachuti yakeyake n'kutera yekha. Pa zaka 85 ndi 90 analola kumangiriridwa kwa katswiri. Gawo limeneli la nkhani yake olemba mau pansi pa mavidiyo salichula.

Wolumpha yekha nkhani yake ndi ina. Ndeke imamusiya pamtunda wa mamita ngati 4,000. Amagwa pa liŵiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola, ndipo ali ndi mineti imodzi cabe asanatsegule parachuti. Ikatuluka yopiringizika, afunika kuzindikira vutolo, kuidula, ndi kukoka yaciŵiri, zonsezi m'masekondi oŵerengeka, thupi likuzungulira ngati nguli. Masiku ano kuli kamakina kamene kamatsegula parachuti yaciŵiri munthu akakomoka kapena akacedwa, koma kutera palibe makina amene angamuterere. Akafika pafupi ndi nthaka afunika kukoka zingwe ziŵiri zowongolera panthawi yake yeniyeni kuti liŵiro lithe. Akafulumira kukoka, amaima m'malere n'kugwa ngati saka ya unga. Akacedwa, amaomba pansi ndi liŵiro lonse.

Bungwe la olumpha la ku America, United States Parachute Association, linaŵerenga kuti mu 2023 anthu 10 anafa pa maulendo olumpha oposa 3.6 miliyoni. Nambalayi ndi yocepa, ndipo ionetsa kuti zipangizo zinafika pabwino. Ngozi zambiri zimene zatsala zimacokera kwa munthu: kukhota ali pafupi kwambiri ndi nthaka, kuombana ndi mnzake m'mwamba, kucedwa kudula parachuti yoipa. Ambiri amavulala parachuti ili yotseguka bwinobwino pamwamba pao. Maseŵerawa amadalira maso, mapewa, miyendo ndi maganizo acangu, ndipo zinthu zimenezi ndi zomwe ukalamba umayamba kudya.

Diso likayamba ng'ala silitha kuyeza bwino ngati nthaka ili mamita atatu kapena asanu. Phewa likauma silifika msanga kumbuyo, m'munsi mwa cola, kumene kuli kogwirira kotsegulira parachuti. Mafupa amapepuka, maka-maka a azimai akasiya kusamba. Mnyamata akathyoka mwendo amavala cikhakha miyezi iŵiri n'kubwerera. Nkhalamba ikathyoka fupa la m'ciuno, kaŵirikaŵiri siyendanso monga kale. Onjezanipo BP ndi shuga, ndiponso mpweya wocepa wa m'mwamba umene umavutitsa mtima wotopa. N'cifukwa cake ku Britain malamulo a maseŵerawa salola munthu wa zaka 55 kapena kuposa kuyamba kuphunzira kulumpha yekha, ndipo oyendetsa ndeke zonyamula anthu pakati pa maiko amatula pansi nchitoyo pa zaka 65. Amene analemba malamulowa sanali kunyoza akuluakulu. Anali kuyang'ana thupi la munthu mmene lilili.

Manje wina angaganize kuti ndili kumbali ya aja amene amati tsabola wakale sawawa, wakalamba khala pansi. Nawonso ndimawakana. Mu October 2014, Alan Eustace analumpha kucokera pamtunda wa makilomita 41 ali ndi zaka 57, n'kuposa malire amene Felix Baumgartner anaika mu 2012. Kuli magulu a olumpha okhwima, monga Skydivers Over Sixty ndi Jumpers Over Seventy, ndipo ena mwa iwo amatera mwaulemu kuposa anyamata othamangira tumaparachuti tung'onotung'ono taliŵiro. Munthu amene walumpha kwa zaka 30 amadziŵa tsiku loyenera kukhala pansi cifukwa ca mphepo, nzeru imene wa zaka 22 alibe. Conco khadi la NRC palokha silingaweruze. Pali wa zaka 68 amene ali bwino, ndipo pali wa zaka 50 amene anafunika kusiya caka catha.

Nanga aweruze ndani? Yankho lofala ndi lakuti mwiniwake adziŵa yekha. Apa ndiye pali msampha. Ubongo umene wayamba kucedwa ndi womwewo umene tikuupempha kuti uzindikire kucedwa kwake. Munthu akatera moipa kaŵiri amanamizira mphepo, akaiŵala kuona lamba amati anamusokoneza ndi nkhani. Ndipo amene walumpha moyo wake wonse, anzake onse ali kubwalo la ndeke, dzina lake lili kumeneko, Ciŵelu ciliconse amacidziŵira kumeneko. Kumuuza kuti asankhe yekha tsiku losiya kuli ngati kuika woimbidwa mlandu pampando wa woweruza. Komanso m'mwamba sakhala yekha. Akalephera kuona mnzake pomwe maparachuti akutsika, ogwa amakhala aŵiri.

Ndiye ine ndikuti tsiku losiya lisankhidwe munthu akali wamphamvu, mutu ukali bwino, ndipo lisalembedwe ngati caka koma ngati zizindikiro. Akapezeka kaŵiri kuti watsegula parachuti mocedwa osadziŵa cifukwa, basi. Akalephera kucita msanga, ali pansi, zoyeserera za kudula ndi kukoka parachuti yaciŵiri, basi. Dokotala akakamba za mtima kapena za maso, asapite kukafuna dokotala wina womvera cisoni. Asankhenso mnzake mmodzi wosaopa nkhope, n'kumupatsa mphamvu yonena kuti zakwana, ndi kulonjeza pamaso pa ena kuti adzamvera. Kutsika kungakhale kwa pang'onopang'ono: kugula parachuti yaikulu yotera mofatsa, kulumpha tsiku lopanda mphepo cabe, kucoka m'magulu aakulu, kenako kukhala pasinja wa tandem monga Bush. Pansi napo pali nchito, yopinda maparachuti ndi yophunzitsa acinyamata.

Ndidziŵa kuti ku Matero, ku Kanyama ndi ku Chawama ndi ocepa amene adzalumphapo m'ndeke. Koma funso la nthawi yosiyira timalidziŵa. Mu September 2004, Kalusha Bwalya, ali ndi zaka 41 ndiponso ali kochi wa timu ya dziko, analoŵa m'bwalo pomenyana ndi Liberia n'kumwetsa cigoli ca free kick. Miyezi iŵiri pambuyo pake, pa fainolo ya COSAFA ndi Angola mu Lusaka, anaphonya penati, cikho n'kupita. Anthu angakangane mpaka mawa ngati zinali zaka kapena tsoka, pakuti penati amaphonya ngakhale wa zaka 20. Cacikulu n'cakuti mu mpira, mtengo wa kulakwitsa ndi cikho ndi manyazi a sabata imodzi. Pali nchito zina zimene mtengo wake ndi maliro. Amalume amene akuyendetsabe minibasi usiku maso atayamba cifunga ali pamalo amodzi ndi wolumpha uja, ndipo kumbuyo kwao kuli mapasinja. Atate amene akukwerabe pamtenje kukhoma malata mawondo akunjenjemera ali pomwepo.

Ambiri mwa iwo sapitiriza kaamba ka kunyada. Amapitiriza cifukwa akaleka, poto sakhala pamoto. Apa ndiye mau akuti zaka ndi nambala cabe amaipiratu, cifukwa amatipatsa ife ana ao cifukwa cabwino cosathandizira. Timawatamanda kuti ndi olimba, n'kupitiriza kudya ndalama ya minibasi ija. Ngati tifuna kuti atate atsike pamtenje, tifunika kukhala okonzeka kugula unga ndi kulipira lendi, ndi kuwauza mwaulemu, tili paŵiri, osati pamaso pa adzukulu.

Inuyo mukali acinyamata, ndipo ino ndiyo nthawi yabwino yopangira malamulo anu, pamene nkhaniyi isanayambe kukupwetekani. Kaya ndi nkhonya, kaya njinga yamoto, kaya ciwongolero ca galimoto, dziŵani zizindikiro zimene zidzakuuzani kuti mutsike, ndipo dziŵani munthu amene mudzamumvera. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Mwa olumpha onse, amene ndingakonde kuti ana a sukulu anga amutengere citsanzo ndi uja amene anapinda parachuti yake komaliza akali ndi miyendo yonse iŵiri, n'kuyenda yekha kupita kunyumba. Vidiyo yake simudzaipeza pa TikTok, cifukwa palibe amene amajambula munthu akucita canzeru mwakacetecete.