Diso lilipo kumwamba, njira ya pansi ndiyo yasowa

Aliyense amene anaikitsapo dishi ya TV pa Milonde amalidziwa lamulo la mmisiri: ikamangidwa, osaigwedezanso. Mphepo ikangoipotoza pang'ono, mpira wathera pomwepo. Koma kodi dishiyo imayang'ana chiyani mbali yakumpoto ija, komwe maso athu saonako kanthu?

Imayang'ana setilaiti yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa Equator. Sikuti yaima chilili. Ikuthamanga ndithu, koma pa mtunda umenewo imazungulira dziko kamodzi pa tsiku, mofanana ndi mmene dzikolo limatembenukira, n'chifukwa chake kwa ife imaoneka ngati yakhomeredwa pamalo amodzi. Liwiro lake limailetsa kugwa, mphamvu yokoka ya dziko imailetsa kuthawa, monga mwala umene mnyamata akuupukusa pa gulaye.

Setilaiti zimene zili pafupi ndi dziko zimayenera kuthamanga kwambiri. Za Starlink, zomwe zinayamba kupereka intaneti m'Malawi muno mu 2023, zambiri zimayenda pa mtunda wa makilomita mazana angapo okha, pa liwiro la makilomita 27,000 pa ola. Imodzi ikadutsa pamwamba pa phiri la Mulanje, pakangotha mphindi zochepa yalowa kale kuseri. N'chifukwa chake zimaponyedwa zikwizikwi, kuti ina ikamachoka ina ikhale ikufika.

Nkhani imeneyi si ya mpira ndi WhatsApp zokha. Namondwe wa Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023. Anaoloka nyanja yonse ya Indian, anamenya Madagascar ndi Mozambique, anabwereranso m'nyanja, kenako pa 11 March anatulukira kufupi ndi Quelimane n'kulunjika kuno. Bungwe la zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa m'mabuku amene anakhalitsa chonchi. Masiku onsewo ma setilaiti ankamuona. Meteosat-9 ya mayiko a ku Ulaya, imene imayang'anira mbali ino ya dziko, imajambula mitambo mphindi 15 zilizonse. A zanyengo kuno kwathu anachenjeza pa wailesi madzi asanafike. Komabe anthu oposa 600 anafa m'Malawi, ena mazanamazana sanapezeke, ndipo Mulanje ndi Phalombe analira maliro osaneneka.

Choncho Freddy sanabwere mwakabisira. Agogo athu ankati Napolo sauza munthu tsiku lotsika m'phiri, ndipo n'zoona kuti palibe makina amene angaloze khwawa lenileni limene ligumuke. Koma mvula imene imamudzutsa Napoloyo masiku ano imaoneka ikadali kutali m'nyanja.

Dziko lathu lilibe setilaiti yakeyake, ndipo ine sindikuona kuti limenelo ndilo vuto loyamba. Zithunzi tikulandira. Chimene chikusowa ndi ulendo wa uthenga kuchoka pa kompyuta ya a zanyengo ku Blantyre kukafika kwa mayi amene akulima chimanga m'mbali mwa mtsinje wa Ruo. Wailesi ikati “thawirani kumalo okwera”, iyeyo apite kuti, poti kumtunda kuli phiri logudubuza miyala, kumunsi kuli mtsinje? Mbuzi azisiyira yani? Batire la foni likatha magetsi atazima, amuuza ndani?

Mafunso amenewa safuna roketi. Akufuna kuti mvula isanayambe, mfumu ndi komiti yoona za ngozi m'mudzi akhale pansi, asankhe sukulu kapena tchalitchi chothawirako, adziwe njira yodzera mlatho ukakokoloka, atchule woimba wezulo ndi wonyamula okalamba. Uthenga uzinenedwa m'Chichewa ndi m'Chilomwe, uzitchula midzi ndi mitsinje mayina ake. Khonsolo ya boma la Mulanje iike ndalama ya ntchito imeneyi mu bajeti, ndipo makhansala tiwafunse za iyo mu October, osati tsiku la maliro.