Tidye Mwamtendere

Masiku ano anthu asanu akakhala pamodzi kuti adye, pamakhalanso ziphunzitso zisanu za kadyedwe. Wina akuti nsima ndiyo ikutinenepetsa, tiisiye tizingodya mazira, nyama ndi mapeyala. Wina akuti ayi, mdani weniweni ndi mafuta. Wachitatu salawa kanthu mpaka dzuwa lili paliwombo, chifukwa anamva pa TikTok kuti kukhala maola 16 osadya kumatsuka thupi. Wachinayi anasiya mkaka ndi mazira, ndipo amayang'ana mbale ya mnzake ngati mmene mphunzitsi amayang'anira mwana amene wagwidwa akubera mayeso. Wachisanu wathera ndalama ya sopo pa zitsamba zimene akuti zimaphwetsa mimba m'masiku 10. Aliyense mwa iwowa amalankhula motsimikiza, ndipo amene amavutika ndi womvera, poti sangatsatire onse asanu.

Ife tikuona kuti njira yabwino ndi yakale ndithu: kudya zakudya zakasinthasintha, kudya mosapitirira muyezo, kusunga malire ochepa amene tikuwadziwa bwino chifukwa chake, kenako n'kudya ndi mtima wokhazikika. Ena amva ngati tikulimbikitsa ulesi kapena kutayirira. Tikupempha kuti atimve mpaka kumapeto.

Choyamba tidziwe kuti mkanganowu si wa lero. M'chaka cha 1863 munthu wina wa ku London, William Banting, amene ntchito yake inali yoyendetsa maliro, anasindikiza kabuku kofotokoza mmene anachepetsera thupi lake posiya buledi, shuga, mbatata ndi mowa. Dzina lake linasanduka dzina la kadyedwe kotero. M'chaka cha 1972 dokotala wa ku America, Robert Atkins, anadzutsanso ganizo lomweli m'buku lake. M'zaka za m'ma 1980 mphepo inatembenuka, anthu n'kuyamba kuopa mafuta m'malo mwa zakudya zokhutitsa. Kenako mu 2013 Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake anatulutsa buku limene linabwezeretsa dzina la Banting pakamwa pa anthu ku South Africa, ndipo chiphunzitsocho chinafalikira m'chigawo chathu chino. Kadyedwe kotchedwa keto, kamene achinyamata ambiri akuona ngati n'katsopano, madokotala anayamba kukagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1920 pothandiza odwala khunyu, makamaka ana. Kanali mankhwala a wodwala, woyang'aniridwa ndi dokotala. Tikaona mbiri imeneyi tikupeza kuti chakudya chimene m'badwo wina unachitcha poizoni, m'badwo wotsatira unachitcha mankhwala, chakudyacho chili chomwecho.

Nanga ofufuza apeza zotani atayerekeza njirazi? M'chaka cha 2018 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford, motsogozedwa ndi Christopher Gardner, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 609 onenepa. Theka linauzidwa kuti lichepetse mafuta, theka lina lichepetse zakudya zokhutitsa monga buledi ndi mpunga. Patatha chaka, magulu onse awiri anali atatsika ndi makilogalamu pafupifupi 5 kapena 6, ndipo kusiyana kwawo kunali kochepa kwambiri moti sikukanasonyeza kuti njira ina yapambana. M'gulu lililonse munali ena amene anatsika kwambiri ndi ena amene ananenepa kumene. Chofunika kuchiona n'chakuti magulu onse awiri anapatsidwa malangizo ena ofanana: adye masamba ambiri, achepetse shuga ndi ufa woyeretsedwa, adye zophika okha kunyumba. Pamene aphunzitsi a kadyedwe amakanganapo ndi pamene amachitirapo phokoso, koma pamene amagwirizana ndi pamene pali phindu.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Ziphunzitso zambirizi zinabadwira m'maiko amene vuto lawo ndi kuchuluka kwa chakudya. Ife tili ndi mavuto awiri nthawi imodzi. Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo amayi 33 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse anali onenepa mopitirira muyezo. Choncho m'banja limodzi mukhoza kukhala azakhali odwala shuga ndi mwana amene sakukula bwino. Lamulo limodzi lokhwima silingathandize onse awiri. Mtsikana amene magazi ake ndi ochepa kale akayamba kudumpha chakudya cha m'mawa ndi chamasana pofuna kufanana ndi chithunzi chimene anaona pa foni, chimene amapeza ndi chizungulire m'kalasi. Wophunzira amene wasiya nsima, koma alibe ndalama yogulira zimene buku la ku Cape Town likunena, amangokhala ndi njala, ndipo ikafika 9 koloko usiku amakathera pa tchipisi ndi mandasi.

A zaumoyo m'dziko muno amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Uphungu umenewu ulibe dzina lachingerezi lokoma m'khutu, koma ndi wotheka. Nsima ya mgaiwa, imene gaga wake sanachotsedwe, ili ndi zofunika m'thupi zambiri kuposa ya ufa woyera. Bonongwe ndi chisoso zimamera zokha kuseri kwa nyumba. Nkhwani wotendera ali ndi masamba, mafuta ndi zomanga thupi mu mphika umodzi. Nandolo, khobwe, nzama, soya ndi usipa zilipo pamsika uliwonse. Mango, magwafa, masuku ndi malambe amabwera pa nyengo yake. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi masamba patsiku, ndipo mchere usapitirire magalamu 5, amene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi kakang'ono. Vuto la mbale zathu nthawi zambiri si kupezeka kwa nsima ayi. Vuto ndi kukula kwa mitanda poyerekeza ndi kuchepa kwa ndiwo, kuchuluka kwa mchere ndi mafuta okazingira, ndiponso botolo la chakumwa chotsekemera limene limatsagana nayo.

Ife a mpingo wa Adventist tili ndi chifukwa chapadera chosamalira nkhaniyi, poti uthenga wa zaumoyo ndi chuma chathu. M'chaka chomwecho cha 1863 chimene Banting ankalemba ku London, mpingo wathu unakhazikitsidwa ku Michigan, ndipo mwezi wa June chaka chomwecho Mayi Ellen White analandira masomphenya a zaumoyo ku Otsego. Zipatso zake zaoneka. Ofufuza a pa yunivesite ya Loma Linda ku California akhala akutsatira moyo wa mamembala a mpingo pafupifupi 96,000 a ku America ndi ku Canada kuyambira mu 2002. Mu 2013 analengeza kuti pa zaka zimene anawatsatira, imfa zinali zochepa pakati pa osadya nyama poyerekeza ndi odya nyama. Izi ndi zoona, ndipo tiyenera kuzinyadira. Koma zotsatira zomwezo zinasonyezanso kuti amene ankadya nsomba pamodzi ndi zomera sanatsalire m'mbuyo mwa amene anasiyiratu chilichonse chochokera ku nyama. Ndiye m'bale amene wabwera ndi matemba pa chakudya cha pamodzi cha pa Sabata tisamuone ngati wabwerera m'mbuyo.

Mayi White eni ake anachenjeza za kupyola muyezo. M'buku lawo la The Ministry of Healing, limene linatuluka mu 1905, muli mutu wathunthu wa nkhani imeneyi, ndipo m'menemo analangiza kuti anthu a kumadera osauka, kumene zipatso ndi mtedza n'zosowa, asaumirizidwe kusiya mkaka ndi mazira. Pali nkhani inanso yodziwika bwino. Mu 1901 Dr Daniel Kress, dokotala wa mpingo amene ankatumikira ku Australia, anadwala kwambiri matenda a kuchepa kwa magazi. Iye anali atasiyiratu mkaka ndi mazira chifukwa chofunitsitsa kutsatira uthenga wa zaumoyo. Mayi White anamulembera kalata yomuuza kuti wapyola muyezo, ayambenso kudya mazira a nkhuku zathanzi. Anamvera, anachira, ndipo anakhala ndi moyo zaka zina zoposa 50. Lero tikudziwa za vitamini B12, amene amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, ndipo akasowa m'thupi magazi amachepa, mitsempha n'kuwonongeka. M'bale wa ku Loma Linda amene wasiya zonsezi amamupeza vitaminiyu mu mkaka wa soya ndi zakudya zina zimene a fakitale amathiramo. M'bale wa kumudzi kwathu amupeza kuti? Tikamamuuza kuti asiye dzira la nkhuku yake, tiyambe tayankha funso limeneli.

Tikudziwa kuti pali otitsutsa, ndipo mfundo zawo zili ndi nzeru. Ena akuti mawu oti "pang'ono pokha" ndi amene agwetsa anthu ambiri, chifukwa aliyense amaona muyezo wake ngati woyenera. N'zoona, chakomachakoma pusi anagwa chagada. Koma kudya modekha kumene tikunena kuli ndi mpanda wake. Mowa, fodya ndi nyama zodetsedwa zimene zatchulidwa pa Levitiko 11 tinazikana pa tsiku la ubatizo wathu, ndipo pamenepo palibe za pang'ono. Kusiya nyama konse mpingo umalimbikitsa, koma sunakuike kukhala muyezo wa umembala. Kudziletsa kumene tinaphunzira kuyambira ku Pathfinder kuli mbali ziwiri: kusiyiratu zoipa, ndi kugwiritsa ntchito zabwino mwanzeru. Ambiri timakumbukira mbali yoyamba yokha, n'kuyamba kuwonjezera zakudya zabwinobwino pa mndandanda wa zoipa.

Ena akuti nanga Danieli uja sanaumirire? Anaumirira ndithu. Koma tiwerengenso bwino chaputala choyamba cha buku lake. Danieli anapempha mwaulemu, anapempha za iye yekha ndi anzake atatu, ndipo analola kuti ayesedwe masiku 10 kuti zotsatira zidzionekere zokha. Sitimva kuti anayendera mbale za anyamata ena a ku nyumba ya mfumu. Paulo naye, pa Aroma 14, anadzudzula wakudya amene amapeputsa wosadya, ndi wosadya amene amaweruza wakudya. Nkhani imene inkagawanitsa Akhristu a ku Roma inali ina, koma mtima wake ndi womwewu umene timauona pa matebulo athu.

Otsutsa achitatu ndi amene tiyenera kuwamvera kwambiri: odwala shuga, kuthamanga kwa magazi kapena impso. Iwowa ali ndi malamulo a kadyedwe ochokera kuchipatala, ndipo awatsatire mosaphonya. Zimene tikunenazi sizikufafaniza mawu a dokotala amene wakuyezani. Tikukana lamulo lochokera kwa munthu amene sanakuoneni n'komwe, amene nthawi zina ali ndi katundu wofuna kukugulitsani.

Palinso mtengo wina umene sitiuwerengera, umene ndi wa mumtima. Mu 1997 dokotala wa ku America, Steven Bratman, anapereka dzina loti orthorexia kwa khalidwe la munthu amene kufuna kudya zoyenera kwamulowerera mpaka kumuwononga. Munthu wotere amakana kukacheza kuopa zimene akamupatse, amadziimba mlandu tsiku lonse chifukwa cha chitumbuwa chimodzi, ndipo mndandanda wa zimene angadye umangocheperachepera. Ife amene timagwirizanitsa chakudya ndi chikhulupiriro tili pangozi yaikulu ya vutoli, chifukwa pakati pathu limavala malaya a uzimu ndipo timaliombera m'manja. Agogo akumudzi akatiphera nkhuku yawo imodzi yokhayo, ife n'kuyamba kuwalalikira za mafuta a m'magazi, tapulumutsa chiyani, ndipo tataya chiyani?

Ambiri mwa ife tikukonzekera uphunzitsi. Posachedwapa tidzaima pamaso pa ana amene ena mwa iwo abwera kusukulu m'mimba muli gwa, ena akudikira kapu ya phala, ndi atsikana a Fomu 2 amene ayamba kale kudana ndi matupi awo. Ana amenewa adzaona mmene tikudyera ndi mmene tikulankhulira za chakudya. Tikadzawaphunzitsa kuti nsima ndi mdani, adzachita manyazi ndi chakudya chokhacho chimene makolo awo akwanitsa kuwapatsa. Tikadzawaphunzitsa kuwonjezera masamba, nyemba ndi chipatso pa nsima yomweyo, tidzawapatsa chinthu chimene angachite madzulo a tsiku lomwelo.

Choncho abale ndi alongo, tiyeni tiyambire pa zotheka. Tidye pa nthawi yake, osadumpha chakudya cha m'mawa. Tichepetse mtanda umodzi, tiwonjezere chipande cha ndiwo. Timwe madzi m'malo mwa zotsekemera, tiyende pansi, tigone mokwanira. Amene wasankha kusiya nyama achite mwanzeru, adziwe kumene apeze zimene nyamayo ikanamupatsa, ndipo tonse timulemekeze. Amene akudyabe usipa ndi mazira adye mosabisa. Tikapemphera kuyamika Mulungu chifukwa cha chakudya, tikatsegula maso tiyang'ane m'mbale mwathu, tidye zimene tangothokozazo.